Nchito Yosonkhanitsa Agulugufe a Usiku

Nkhani iyi yalembedwa kuti alangizi ndi mafumu aiwerenge pa misonkhano ya alimi m'boma la Chiradzulu, makamaka mvula yoyamba isanagwe.

Nkhani ya lero ndi ya kachirombo kamene aliyense akadziwa, koma ochepa okha ndiwo akasamala. Madzulo mai akayatsa koloboyi, pabwera tiagulugufe totuwa, nitizungulira motowo kufikira titapsa mapiko. Ana atiomba ndi manja, nalimata atidya pakhoma, ndipo m'mawa zotsala zisesedwa pamodzi ndi zinyalala. Koma kuli anthu ena ophunzira amene nchito yao ndiyo kugwira agulugufe omwewa, kuwabaya ndi tisingano, kuwaumitsa, ndi kuwasunga m'mabokosi a galasi ku sukulu za ukachenjede. Munthu akamva zimenezi aseka, nati: "Kodi anthu amenewa asowa chochita?" Nkhani ino ifotokoza chifukwa chake nchitoyi ichitidwa, ndi kuti ikhudza nkhokwe ya mlimi aliyense wa ku Chiradzulu.

Gulugufe ndiye mai wa mbozi

Anthu ena ayesa kuti mbozi zigwa ndi mvula, ndipo ena ati zingotuluka zokha m'nthaka. Izi si zoona. Mbozi iliyonse ili ndi mai wake, ndipo mai wakeyo ndi gulugufe. Gulugufe wamkazi aikira mazira pa tsamba. Patapita masiku owerengeka mazirawo aswa timbozi tating'ono, ndipo timbozito tidya tsamba nitikula. Mbozi ikakhwima ileka kudya, nilowa m'nthaka kapena m'phesi, nigona m'kachikopa kolimba kofiirira. M'menemo isandulika, nitulukamo gulugufe wa mapiko, amene auluka kukaikira mazira ena. Chotero munthu woona gulugufe pa nyali lero waona mbozi za sabata ya mawa.

Agulugufe ali a magulu awiri. Ena auluka usana, ndipo tinyanga tao ta pamutu tili ndi kampira kunsonga. Ena auluka usiku, ndipo tinyanga tao tili ngati ulusi kapena ngati nthenga ya nkhuku. A usikuwa ndiwo ambiri, pakuti mitundu yao imene inalembedwa kale pa dziko lonse ipitirira 150,000. Ambiri mwa iwo alibe mlandu ndi mlimi. Mphalabungu ndi matondo amene anthu adya ngati ndiwo ndi ana a agulugufe akuluakulu a usiku. Ena a milomo yaitali amwa madzi a m'maluwa a mapapaya madzulo, nanyamula ufa wa maluwawo kuchoka pa mtengo wamphongo kunka pa waukazi, ndipo potero athandiza kuti mtengo ubale. Adani a mbeu ndi owerengeka, koma bvuto ndi lakuti afanana kwambiri ndi anzao osalakwa. Kuti munthu asiyanitse mdani ndi bwenzi, ayenera kukhala ndi poyerekezera.

Mlendo wa 2016

Makolo anadziwa mbozi ziwiri za chimanga. Yoyamba ndi kapuchi, amene aboola phesi nadya m'kati mwake. Yachiwiri ndi nchembere zandonda, zimene zibuka chaka china ndi china, niziyenda chigulu, nizidya udzu, mapira ndi chimanga poyera, kenaka nizizimirira.

M'dzinja la 2016 kulowa 2017 alimi a dziko lino anaona chinthu china. Masamba a chimanga anali obooka ngati adyedwa ndi mbewa, ndipo m'kati mwa nsonga, pamene patulukira masamba atsopano, munali ndowe zonga utuchi. Ambiri anati ndi kapuchi, ena anati ndi nchembere zandonda, koma mbozi iyi siinayende chigulu, ndiponso siinazimirire. Inabweranso chaka chotsatira, ndipo mu Disembala 2017 Mtsogoleri wa dziko, Pulofesa Arthur Peter Mutharika, analengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha mboziyi.

Dzina lake m'Chingerezi ndi fall armyworm, ndipo akatswiri aitcha Spodoptera frugiperda. Kwao ndi ku America, kumene Mngerezi wina, James Edward Smith, anailemba m'buku kale mu 1797. Muno mu Africa inayamba kuoneka kuchiyambi kwa 2016 ku Nigeria ndi maiko oyandikana nao. Amene anaizindikira ndi Georg Goergen ndi anzake. Iyeyu anali kuyang'anira mabokosi a tizirombo pa malo ofufuza za ulimi a IITA ku Cotonou, m'dziko la Benin. Iwo anayang'ana agulugufe ake ndi makina okuza zinthu, nawayerekeza ndi abale ao a muno mu Africa amene anali odziwika kale, napeza kuti uyu ndi mlendo. Pakadapanda anthu amene anasonkhanitsa ndi kulemba agulugufe zaka zambiri m'mbuyomo, palibe akadadziwa msanga kuti wafika ndani.

Kudziwa dzina si nkhani yongokondweretsa ophunzira. Dzina likadziwika, makhalidwe a chirombocho adziwikanso, pakuti alimi a ku America analimbana nacho kwa zaka zambiri. Gulugufe wamkazi aikira mazira 100 kapena 200 malo amodzi, ndipo m'moyo wake wonse akhoza kuikira oposa 1,000. Nthawi yotentha, kuchoka pa dzira kufika pa gulugufe watsopano papita mwezi umodzi wokha. Mphepo ikamthandiza auluka makilomita 100 usiku umodzi, ndiwo ulendo woposa wochoka ku Limbe kufika ku Zomba. Mbozi yake ibisala m'nsonga usana, kotero kuti mankhwala opopera pamwamba pa masamba saikhudza bwino. Ndiponso mbozi iyi siigona chilimwe: mvula ikatha isamukira ku chimanga cha m'madimba, nidikira kumeneko kufikira chimanga cha kumunda chitamera. Mlimi wosadziwa izi ataya ndalama zake pa mankhwala, mbozi nizipitirira kudya.

Boma la Chiradzulu ndi laling'ono, koma pa kalembera wa 2018 munali anthu oposa 350,000. Mabanja ambiri ku Mombezi, ku Thumbwe ndi ku Mbulumbuzi alima kamunda kakang'ono, ndipo palibe kwina kothawira. Mbozi ikadya theka la kamundako, banja liyamba kugula chimanga mwezi wa Okutobala usanathe.

Nchito yakale

Kusonkhanitsa tizirombo sikunayambe lero m'dziko lino. Mu 1891 Alexander Whyte anafika pamodzi ndi Harry Johnston, nayenda m'mapiri a Zomba ndi Mulanje kutola zomera, mbalame ndi tizirombo. Zambiri zinatumizidwa ku nyumba yosungira zachilengedwe ku London, kumene Arthur Butler analemba maina a agulugufe ochokera kuno. Pambuyo pake dokotala wina, W. A. Lamborn, amene anakhala zaka zambiri ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, anafufuza za kashembe ndi nchenche, natumiza tizirombo tambiri ku Yunivesite ya Oxford.

Chifukwa cha nchito yotere tsopano kudziwika kuti mbozi ya 2016 siinali mlendo woyamba. Mtundu wina wa kapuchi, wa mawangamawanga, umene akatswiri autcha Chilo partellus, kwao ndi ku India, ndipo malo oyamba muno mu Africa kumene unalembedwa ndi dziko lino, cha m'ma 1930. Lero wafalikira maiko ambiri, ndipo alimi auyesa mbadwa. Mbiri yake idziwika chifukwa wina anagwira gulugufe wake, nalemba malo ndi chaka.

Masiku amenewo chilichonse chinali kupita kunja, ndipo wofuna kuchiona anayenera kuoloka nyanja. Lero dziko lino lili ndi akatswiri ake. Ana a sukulu ophunzira za chilengedwe pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ndi ophunzira za ulimi ku Bunda, aphunzira kugwira ndi kusunga tizirombo, ndipo akatswiri a Boma a pa malo ofufuza za ulimi ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, ayang'ana tizirombo toononga mbeu.

Kagwiridwe kake

Njira yoyamba ndi ya nyali. Wosonkhanitsa amanga chingwe pa mitengo iwiri m'mbali mwa munda kapena mwa nkhalango, nayanika nsalu yoyera, napachika nyali yowala kwambiri patsogolo pake. Usiku wabwino ndi wa mdima, wopanda mwezi ndi mphepo, wofunda, makamaka mvula itangogwa. Agulugufe atera pa nsaluyo, ndipo iye asankha amene awafuna, nawaika m'botolo lotseka bwino. M'botolomo muli thonje lonyowa ndi mankhwala amene fungo lake liwagonetsa msanga asanapunthe mapiko. Ena onse awasiya, ndipo nyali ikazimitsidwa abalalika.

Njira yachiwiri ndi ya msampha wonga kandowa kokhala ndi chivindikiro, umene upachikidwa pa mtengo m'munda. M'kati mwake muli kamphira kokhala ndi fungo la gulugufe wamkazi wa mtundu umodzi, ndipo amuna a mtundu umenewo akamva fungolo alowa nalephera kutuluka. Woyang'anira msampha awerenga agulugufewo sabata iliyonse, nalemba m'buku. Akaona kuti achuluka, adziwa kuti mazira ali kuikiridwa m'minda, nachenjeza anzake mbozi zisanakule. Mu 2018 bungwe la FAO linatulutsa njira yotumizira mawerengedwe otere pa foni ya m'manja, yotchedwa FAMEWS.

Njira yachitatu ndi yolera mbozi kufikira itasanduka gulugufe. Imeneyi ichedwa, koma ndiyo yokha imene isonyeza poyera kuti mbozi yakuti, yodya mbeu yakuti, mai wake ndi gulugufe wakuti.

Kasungidwe kake

Mapiko a gulugufe ali ndi fumbi limene litsala m'zala munthu akamgwira. Fumbilo ndi timamba tating'ono, ndipo ndito tipanga mitundu ndi mawanga amene akatswiri amzindikira nao. Gulugufe wofufutika mapiko ali ngati kalata yonyowa ndi mvula, ndipo chifukwa chake sagwidwa pa mapiko.

Akadali wofewa, abayidwa pachifuwa ndi kasingano kosachita dzimbiri, naikidwa pa kathabwa kokhala ndi ngalande pakati. Thupi lilowa m'ngalandemo, mapiko atambasulidwa uku ndi uku, napanikizidwa ndi timapepala. Akhala pamenepo sabata imodzi kapena awiri kufikira atauma. Kenaka alowa m'bokosi lotseka bwino, mmene muikidwa mankhwala onunkha oingitsa nyerere ndi tizirombo todya zouma. Bokosilo likhala pa malo opanda chinyezi, chifukwa nkhungu iononga msanga. Gulugufe wosungidwa chotere akhala zaka zoposa 100.

Koma chachikulu pa zonse ndi kapepala kamene kabayidwa pa singano yomweyo, pansi pa gulugufe. Pa kapepalako palembedwa dziko, boma, mudzi kapena phiri, tsiku, mwezi ndi chaka, dzina la wogwira, ndi mbeu imene mbozi inali kudya. Katswiri akamzindikira, awonjeza kapepala kachiwiri ka dzina la mtundu wake. Pomaliza gulugufeyo apatsidwa nambala yakeyake, ndipo nambalayo ndi mau onse a pa timapepala zilembedwa m'buku lalikulu ndi m'kompyuta, monga momwe kalaliki wa bwalo alembera milandu.

Gulugufe wopanda kapepala alibe nchito, ngakhale akongole chotani. Ali ngati mboni yofika pa bwalo la mfumu koma yosadziwa kumene inali, kapena tsiku limene inaona zinthuzo. Koma mabokosi olembedwa bwino ayankha mafunso ambiri. Kodi chirombo ichi chinayamba liti kuoneka m'boma lino? Kodi chichuluka mwezi uti? Kodi chipezeka m'munsi mwa phiri la Chiradzulu mokha, kapena ndi ku Namitambo komwe? Kodi chidya chimanga chokha, kapena mapira ndi nandolo zomwe? Kusonkhanitsa kwa chaka chimodzi sikungayankhe mafunso amenewa. Afunika anthu ambiri, malo ambiri ndi zaka zambiri.

Alendo a usiku

Pali chinthu china chofunika kuchinena poyera. Nchito iyi ichitika usiku, ndi nyali, nsalu yoyera ndi mabotolo, ndipo munthu woiona patali akhoza kuchita mantha. Aliyense akumbukira mphekesera za anamapopa zimene zinabuka mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, nizifika ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre. Anthu angapo osalakwa anaphedwa, ndipo nchito zina zothandiza midzi zinaima chifukwa anchito ake anaopa kuyenda. Chaka chomwecho ndicho chimene mbozi yachilendo inali kudya chimanga.

Chifukwa chake pali mwambo woyenera kutsatidwa mbali zonse ziwiri. Wosonkhanitsa agulugufe asayatse nyali yake m'mudzi asanaonekere kwa mfumu usana. Abwere ndi kalata ya kumene achokera, ayende ndi mlangizi wa zaulimi wa dera limenelo, apemphe chilolezo kwa mwini munda, ndipo aonetse zida zake zonse pa bwalo. Mfumu ikabvomera, iuze anthu ake, ndipo wofuna kukaona nchitoyo apite akaone ndi maso ake. Nao anthu a m'mudzi akaona nyali yachilendo m'munda asathamangire miyala ndi zibonga. Akanene kwa mfumu, ndipo mfumu ikakaika itumize mau kwa mlangizi kapena kupolisi. Akulu anati safunsa anadya phula.

Chimene mlimi angachite

Akatswiri ndi owerengeka, ndipo sangafike m'munda uliwonse. Woyamba kuona chirombo chachilendo ndi mlimi amene apalira, kapena mwana amene atumidwa kukathyola nkhwani. Tsono mlimi achite zinthu izi.

Choyamba, ayendere chimanga chake kamodzi pa sabata kuyambira pamene chamera. Aime malo asanu osiyana m'munda, ndipo pa malo alionse ayang'ane mapesi khumi, kunsi kwa masamba ndi m'nsonga. Mazira a mbozi ya 2016 akhala pamodzi, okutidwa ndi kaubweya kotuwa, ndipo akaphwanyidwa ndi zala mbozi 100 zafa nthawi imodzi. Mbozi yaikulu izindikirika ndi mzere woyera pamutu wonga lemba la Y lozondoka, ndi madontho anai akuda chakumchira okhala ngati ngodya zinai za nyumba.

Chachiwiri, akapeza mbozi imene saidziwa, asangoipsinja. Aiike m'botolo loyera pamodzi ndi masamba a mbeu imene anaipezapo, athire dothi louma lokwana mainchi awiri pansi, natseke pakamwa ndi kansalu komangidwa ndi luzi kuti mpweya uzilowa. M'botolo limodzi mukhale mbozi imodzi, pakuti zina zidyana zokhazokha. Botololo likhale pa mthunzi, pamene nyerere sizifika, ndipo masamba asinthidwe tsiku ndi tsiku. Mbozi zaubweya zisagwidwe ndi manja, chifukwa zina ziyabwa kwambiri. Mbozi ikalowa m'dothi isabvutidwe. Mitundu yambiri ituluka patapita sabata imodzi kapena awiri, koma ina ichedwa, ndipo pamenepa pafunika kudekha.

Nthawi zina m'malo mwa gulugufe mutuluka kanchenche kapena kamabvu kakang'ono. Mlimi asataye, pakuti ameneyu ndiye bwenzi lake: mai wake anaikira dzira m'thupi la mboziyo, ndipo mwana wake anaidya m'kati. Akatswiri afunitsitsa kudziwa abwenzi otere ndi kumene apezeka, chifukwa mankhwala opopera mosasamala awapha pamodzi ndi mbozi.

Chachitatu, alembe. Mau ake ndi ochepa: mudzi, mfumu yaikulu ya dera, tsiku, ndi mbeu, ndiponso ngati unali munda wa mvula kapena dimba. Alembe ndi pensulo, chifukwa inki isungunuka ikanyowa. Wosadziwa kulemba apemphe mwana wa sukulu, koma alembe tsiku lomwelo, pakuti mawa mutu uiwala. Gulugufe wakufa aikidwe m'kapepala kopindidwa ngati envulopu, ndipo kapepalako kalowe m'bokosi la machesi kuti asaphwanyike.

Chachinai, apereke zonsezi kwa mlangizi wa zaulimi, amene adziwa kumene angazitumize. Nthawi zambiri yankho lidzakhala lakuti chirombocho ndi chodziwika kale, ndipo mlimi asachite manyazi, pakuti nacho chionjeza pa zimene zidziwika za boma lino. Aphunzitsi nao akhoza kulera mbozi m'kalasi, kuti ana aone ndi maso ao mmene isandulikira.

Masiku ano malole, sitima za m'nyanja ndi ndege zinyamula katundu kuchoka maiko akutali tsiku ndi tsiku, ndipo tizirombo tikwera nao. Kapuchi wa ku India anafika, mbozi ya ku America inafika, ndipo palibe anganene kuti zatha. Chirombo china chikadzafika, chidzayamba kuoneka m'munda wa munthu mmodzi, mwina ku Njuli kapena ku Nguludi. Ngati munthuyo adzachiika m'botolo, nalemba mudzi ndi tsiku, napita nacho kwa mlangizi, alimi anzake adzachenjezedwa chimanga chikadali chaching'ono.

Mafumu apemphedwa kufikitsa mau awa kwa anthu ao onse, ndipo wokhala ndi funso akaonane ndi mlangizi wa dera lake.